Mano a Yakub

Yakub ankachita lendi kachipinda m'fulati yanga ku Hillbrow, kuno ku Joni. Anali mnyamata wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya swala, ndipo ankaperekera zakudya pa lesitilanti ina ya anthu olemera. Tsiku lina bwana wake analengeza kuti wofuna kutsala pa ntchito aphunzire za vinyo ndi kukhoza mayeso, enawo aona msana wa njira.

Fulati inasanduka sukulu. Pa chitseko cha firiji anamatapo mapu a Bordeaux, dera la ku France kumene mitsinje iwiri imakumana isanathire m'nyanja. Ine ndikusenda mbatata, iye akuloweza mokweza. Tsidya lamanzere nthaka ndi ya nsangalabwi, madzi sakhalitsa, ndiko zimachita bwino mphesa za Cabernet Sauvignon. Tsidya lamanja kuli dongo, kumeneko n'kwa Merlot. Anandiuza kuti mbali ina kale inali dambo, anachita kubwera Adatchi kudzakumba ngalande, ndiponso kuti mu 1855 minda yotchuka anaiika m'magulu asanu omwe mpaka lero sanasinthe kwenikweni. Ndinati ndi mmene dziko lilili, wobadwira pamwamba amafera pamwamba. Sanaseke.

Kuloweza sikunamuvute. Chovuta chinali kulawa. Mowa unali usanakhudzepo lilime lake chibadwire, komanso anali atatomera Asiyatu, mwana wa a Cassim, atelala a ku Fordsburg. Ntchito yakeyo a Cassim anaivomera monyinyirika. Anati botolo anyamule, koma pakamwa ayi.

Yakub anapeza pothawira. Mphunzitsi wawo anati akatswiri sameza, amazunguza vinyo m'kamwa n'kulavulira m'kandowa. Choncho pophunzira ankangonunkhiza, kuti adzalawe kamodzi kokha, pa mayeso penipenipo. Ndinamufunsa ngati a Cassim akudziwa za kandowako. Anati adzawauza ukwati ukachitika. Ndinangoti zako izo.

Mayeso anagwa tsiku lomwe a Cassim anatiitana kukapangana za ukwati. Pa Joni pano Yakub analibe wamkulu aliyense, ndiye anapempha ine kuti ndimuperekeze, ngakhale ndine Mkatolika. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikudula makutu. Ndinamanga mpango, ndinakwera tekisi, tinakumana ndi Yakub pa geti la a Cassim. Iye anachokera ku mayeso akutafuna chingamu, n'kundipumira kumaso kuti ndimve ngati fungo latha. Linali litatha. Ndinanunkhiza bwinobwino, koma magalasi anga a maso anali m'chikwama.

Anatilandira ndi tiyi ndi samusa. Panali a Cassim ndi achimwene awo, a Harun, bambo wanthabwala. Nkhani inayenda bwino, mwezi wa ukwati unatchulidwa. Kenako a Harun anati mwana wawo wachita mwayi, akupeza mwamuna woti azidzamubweretsera chakudya pa thileyi, thaulo lili pamkono, n'kumafunsa ngati madamu akufunanso china. Yakub, amene anali atatseka pakamwa chifikireni, anaseka ndi mano onse.

Mano aja anali atada, lilime lili bii, ndi m'ming'alu ya milomo momwe. Munthu woti sanamwepo akanadziwa bwanji kuti vinyo wofiira amasiya mtundu? Iye anasamala za fungo basi.

A Cassim anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, mabulosi amenewa wathyola kuti, kuzizira kuno?"

"Sindinameze, abambo. Ndinalavula zonse."

A Cassim sanakweze mawu. Anati telala akadula nsalu ya mwini molakwika sanganene kuti koma sindinasoke. Chinawawawa kwambiri chinali chingamu chija, chifukwa wotafuna chingamu amadziwa chimene akubisa. Ndinayesa kuikapo mlomo, kuti mnyamatayu akuteteza ntchito yomwe idzadyetse mwana wawo yemweyo.

"Mayi," anatero mwaulemu, "inu kwanu mumamwa ndi m'tchalitchi momwe. Izi tisiyireni."

Asiyatu anabwera kudzatenga makapu, maso ali pansi. Tinatsanzika. M'tekisi Yakub anapukuta mano ndi mkono wa malaya ake oyera njira yonse, mpaka nsalu inathimbirira.

Mayeso aja anakhoza. Ntchito ikadalipo, anamupatsanso kabaji kovala pachifuwa. Anapitako ku Fordsburg kukapepesa, anapeza geti lotseka, ndipo sanandiuze zina. Mapu akadali pa firiji, ayamba kupindika m'makona.

Masiku ano amabwera ndi mabotolo amene makasitomala asiya osatha. Amakhala pa tebulo langa, amathira pang'ono m'tambula, amatchula tsidya la mtsinje ndi mtundu wa dothi ngati kale, koma motsitsa mawu. Ndinamuikira chitini cholavuliramo pafupi ndi phazi. Ndikamasesa ndimachipeza chouma, m'tambula namo mulibe kanthu.