Thireyi ya a Jairos

Amuna anga a Jairos Ngoma anagwetsa thireyi ya Mgonero pamaso pa mpingo wonse wa ku Chiparamba, chaka chotsatira chaka cha njala chija tinkadya chimanga chachikasu. Anayamba kunyamula thireyi imeneyo asanapume pa uphunzitsi, osatayapo ndi dontho lomwe. Tsiku limenelo anadzuka pa mpando wa akulu a mpingo, n'kuyenda atatangadza miyendo ngati akuoloka mtsinje, dzanja likugwedera, kenaka timakapu tonse pansi. Vinyo wake, amene ndi juwisi wofiira chabe, anathera pa nsapato za a Jonah Sakala, mkulu mnzawo. Ati apepese, lilime linalemera, mawu n'kumatuluka mokokeka.

Mpingo wathu sumwa mowa, koma umaudziwa bwino kwambiri. Tisanafike n'komwe pa chitseko, aliyense anali atadziwa kale mtundu wake, kumene anaugula ndi chaka chimene anayambira. Ambiri anati ndi kachasu wa kwa Tryness. Tryness mwini wake anadabwa, n'kunena kuti kasitomala wa penshoni ngati ameneyo akanamuyalira mphasa.

Pakati pa sabata a Jonah anabwera kudzatizonda. Anakhala pafupi kwambiri ndi a Jairos, akukoka mpweya ngati galu wa uzimba. Pochoka anatiuza ndi nkhope yachifundo kuti bwalo la akulu a mpingo likhala pakutha pa mwezi, ndipo munthu wovomera tchimo lake amangodulidwa: amakhala kumbuyo, osadya Mgonero kwa kanthawi, kenaka amamubwezera pa udindo. Ine ndinkadziwa kuti sanamwe. Ndakhala nawo kuyambira dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo ngakhale thobwa likagona amalinunkhiza kaye. Ndinati tipite kuchipatala, iwo anati ndi kutopa chabe.

Tili naye dokotala m'banja mwathu, ngati simunamve: mwana wathu Fortunate. Musathamange kubwera ndi zilonda zanu. Sabaya jakisoni, salemba mankhwala, ndipo mwana akatentha thupi amakuuzani kuti mupite naye kukiliniki monga angakuuzireni wina aliyense. Atamaliza yunivesite ku Lusaka anapita ku Scotland, kenaka ku Japan, n'kubwereranso ku Scotland komwe anamupatsa labu yakeyake. Ntchito yake ndi mbewa. Mbewa zoyera, zogona m'nyumba yofunda, zokhala ndi munthu wozipatsa chakudya. Amaziyendetsa pa kamtengo kozungulira n'kumayang'ana kuti zigwa liti. Zikatha ntchito, sadya. Mwana wa ku Chipata. Nditamufunsa kuti nanga zimapita kuti, anati amazitentha mpaka phulusa, ndipo ine sindinauzeko munthu chifukwa cha manyazi.

Akuti dzina lake ndi lalikulu. Akuti anapeza mmene timitsempha ta m'kaubongo kakang'ono ka kunkhongo timalimbitsira kapena kumasula polumikizana pake pamene thupi likuphunzira kuyenda ndi kugwira zinthu. Anthu a m'mayiko ena, oweta mbewa anzake, amamutchula m'mabuku awo, ena amakangana naye, ophunzira amalimbirana kukagwira ntchito mu labu yake. Zabwino zonsezo. Ku Chiparamba amamudziwa kuti ndi mwana wa aphunzitsi uja sanakwatiweyu.

Anali atalonjeza kale kuti adzera kuno popita ku msonkhano wa anthu a ubongo ku Cape Town. Anafika bwalo lisanakhale, pa basi ya ku Lusaka, fumbi mpaka m'nsidze. Anagwada popereka moni kwa atate ake, ndipo ndinathokoza kuti mawondo sanawasiye ku Scotland. Nditabweretsa tiyi, a Jairos anatambasula dzanja. Linayamba bwino, n'kumagwedera kwambiri pamene likuyandikira kapu, n'kuipitirira. Fortunate anawayang'ana ndi maso amene ndikhulupirira kuti mbewa zija zimawadziwa.

Anawapempha kuti agwire mphuno yawo ndi chala, kenaka agwire chala chake, kubwerezabwereza. Mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, akudzitosa m'diso pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Atatha, Fortunate analowa kukhitchini kumene ndinali, analira pang'ono, n'kundifunsa chifukwa chake sitinamuuze. Ndinati timaopa kusokoneza mbewa.

M'mawa mwake anatikweza vaneti mpaka kuchipatala m'tauni. Dokotala weniweni, wa chomvera m'chifuwa, ananena zomwe Fortunate anali atanena kale kwaulere. Magazi amathamanga kwambiri, kamtsempha kanatsekeka kunkhongo, sitiroko yaing'ono. Inagwera ndendende pa kaubongo kamene mwana wathu wathera utsikana wake akukayang'ana. Mowa nawo akuti umagwira komweko, n'chifukwa chake woledzera ndi wodwala amayenda mofanana. Anatipatsa mapiritsi, ine n'kuganiza kuti nkhani yatha.

Titafika kunyumba, a Jairos anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Kubwalo ndikavomera," anatero. "Ndikanena kuti ndinamwa."

Ndinawapempha kuti abwereze, poti lilime lawo linali lisanawongoke.

"Amake Fortunate, woledzera amalapa n'kumubwezera thireyi. Wodwala amamugulira bulangeti n'kumuimbira nyimbo. Munawaona a Tomasi Jere. Anawapumitsa mwaulemu, lero amakhala pakhomo la tchalitchi kulondera njinga za anthu."

"Chabwino, kavomereni," ndinatero. "Koma ine sindikhala mkazi wa chidakwa chopanda phindu. Mawa lomwe ndikabwereka mbiya ndi mpope kwa Tryness, nditcheze kachasu pakhomo pano, dzinalo libwere ndi makasitomala ake."

Fortunate anatiimitsa. Anauza atate ake kuti ngakhale atalapa bwanji, dzanja silimva za bwalo, ndipo akadzawabwezera thireyi adzaigwetsanso. Anati pali njira ina, ngakhale sakulonjeza kanthu. Mbali imene inafa siidzuka, koma yotsalayo imaphunzira, ndipo imaphunzira ikaphonya. Dzanja likaphonya kapu, uthenga umafika kunkhongo n'kumasula pang'ono polumikizana pamene panalisocheretsa. Choncho ayenera kuphonya kambirimbiri, tsiku ndi tsiku, popanda wowagwira mkono.

"Mukawagwira, Amama, ubongo sudziwa kuti walakwa."

"Ndiye zaka zonsezi ku Scotland wapeza kuti munthu amaphunzira akalakwa?"

"Inde, Amama. Koma ine ndikudziwa malo ake."

Tsiku la bwalo, ine ndinakhala panja monga amachitira akazi, koma mazenera a kachipinda ka akulu alibe magalasi. Abusa analola Fortunate kulowa ngati mboni. Analankhula nthawi yaitali, anajambula mutu wa munthu pa bolodi la Sande sukulu, ndipo akulu awiri anagona mwaulemu. A Jonah anangofunsa ngati matendawo angapatsirane kudzera m'timakapu. Abusa atafunsa a Jairos ngati anamwa, panakhala chete mpaka ndinayamba kuganiza kumene ndingaike mbiya. Kenaka anati sanamwe.

Akulu anasangalala kwambiri, anapemphera, ndipo Ameni asanazizire a Jonah anali atayamba kale za bulangeti. A Jairos anapempha kuti awasiye mpaka Mgonero wa pambuyo pa kukolola. Ngati adzagwetsanso, bulangetilo adzasankha okha mtundu wake. Abusa anavomera, mwina poti anali ndi njala.

Fortunate anagula timakapu ta pulasitiki kumsika wa Kapata, anatenga thireyi yanga ya alendo osandipempha, n'kulemba mzere ndi phulusa kuchokera pakhonde mpaka pa nkhokwe. Anandionetsa poima: pafupi kuti ndiwaone, patali kuti ndisawagwire. Anachotsa miyala ndi zitsa pa njira yonseyo. Kenaka anakwera basi kupita kukauza anthu a ku Cape Town za mbewa, n'kundisiyira ine mbewa yaikulu yovala tayi.

Madzi ankatayika, ine kudzaza. Kutayika, kudzaza. Chitsime chathu sichili pafupi, ndipo palibe buku la Fortunate limene limanena za amene amatunga madziwo. Pa mzere paja panamera msipu nthawi ya chilimwe, nkhuku zinanenepa. A Jairos ankayamba m'mawa atavala jekete, poti ati ku Mgonero sadzapita ndi malaya okha.

Anthu odutsa pa njira ankaima. Posakhalitsa nkhani inachoka pa a Jairos n'kubwera pa ine. Mkazi wanji woima manja ali kumbuyo, mwamuna wake wodwala akudzandira ndi thireyi pa dzuwa? Ena anati ndikufuna afe msanga ndidye penshoni. Amene ankanena kuti a Jairos ndi chidakwa ndi omwewo tsopano ankawamvera chisoni chifukwa cha ine.

Tsiku lina kunabwera amayi Magalita, mtsogoleri wa amayi a mpingo, atavala yunifomu ngati akupita kumaliro. Anandiuza kuti kwathu kuno wodwala amagona pa mphasa, mkazi wake n'kumamumwetsa phala ndi supuni, ndipo mkazi wachikhristu sachita kuuzidwa zimenezi. Akulankhula choncho, a Jairos anapendekeka, thireyi uko, iwo n'kugwera pa nshawa zimene ndinayanika. Amayi Magalita anathamanga kuti akawadzutse. Ndinawagwira chitenje. Dzanja langa linalo linali kumbuyo, zikhadabo zitalowa m'chikhatho mpaka magazi, koma zimenezo sanazione.

A Jairos anagwada, anadzikunkha fumbi, n'kuyamba kutola timakapu kamodzikamodzi, akuphonya.

"Amayi, zikomo pobwera," anatero. "Koma mukutseka njira. Amake Fortunate, madzi."

Amayi Magalita anapita osatsanzika, ndipo Lachinayi lotsatira anandipempherera pa msonkhano wa amayi pondichula dzina.

Pofika nthawi yokolola, madzi ambiri ankafika pa nkhokwe. Kuyenda kwawo sikunabwerere mwakale, ndipo sikudzabwerera. Amatangadzabe miyendo, mawu amakokekabe akatopa. Koma anaphunzira kutsamiritsa zigongono m'nthiti, kuima kaye asanakhote, ndi zina zimene ngakhale iwo sadziwa kuti amazichita bwanji.

Tsiku la Mgonero tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi, poti anthu a kwathu amakonda kwambiri Mulungu pakakhala choonera. A Jonah anavala nsapato zakale. Abusa anapatsa a Jairos mbali ya amayi. Anadzuka, ananyamula thireyi, timakapu tikulira ngati mano a munthu wa malungo. Sindinaonepo amayi akulandira chikho mwachangu chotero. Aliyense ankatsomphola kake thireyi isanaime n'komwe, choncho inkapepuka msanga. Amayi Magalita anatenga kawo maso ali kudenga.

Ine ndimakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Pofika kwa ine anali atatopa, thukuta lili m'khosi. Anawerama, dzanja linagwedera, ndipo kakapu kamodzi kanapendekeka n'kuthira bulauzi yanga yoyera kuchokera pachifuwa mpaka m'chiuno. Tinayang'anana. Ndinaimika kakapu kaja, ndinatenga kena n'kumwa, n'kukokera chitenje mpaka m'khwapa ngati ndamva kuzizira. Iwo anakhota, ataima kaye monga anaphunzirira, n'kubwerera kutsogolo ndi thireyi m'manja.

Bulangeti akulu aja sanagule. A Jairos akunyamulabe, mbali ya amayi yokha, ndipo ine ndimapita ku Mgonero ndi chitenje chachikulu.

Fortunate atatiimbira foni kupositi ofesi m'tauni, atate ake anamuuza kuti sanataye ngakhale dontho. Atandipatsa ine foni, Fortunate anandifunsa ngati n'zoona, poti akufuna kudziwa bwinobwino mmene dzanja lasinthira. Ndinamuuza kuti juwisi wofiira sachoka ndi sopo wamba, ndipo akamabweranso abwere ndi bulauzi yoyera, ya saizi yanga, osati ya mbewa.