Chiganizo cha pa Bolodi

Chaka chimene madzi anakokolola mpunga ku Kaporo, Yunike anamva mphunzitsi mnzake, a Morton, akuphunzitsa mawu a Chingerezi akuti predispose m'kalasi yoyandikana.

"Osati pridisipozi, ana inu! Pri-dis-pouz!" anatero akuseka. "Ndiko kufewetseratu munthu kuti chinthu chimugwire msanga."

Pa bolodi analemba chitsanzo chonena kuti njala imachititsa ana kugwidwa matenda mosavuta. Masiku amenewo kunena kuti m'dziko muli njala unali mlandu.

Lolemba a Morton sanabwere. Nyumba yawo inali yokhoma, ndipo palibe anafunsa. Ahedi anatuma Yunike kukalasiko.

"Mukatsuke bolodi lija, mayi. Dzina lawo musalitchule."

Yunike analitsuka, nalipaka makala ndi masamba a mbatata monga mwa nthawi zonse. Koma a Morton ankakanikiza choko kwambiri polemba. Bolodi litayamba kuuma, zilembo zinatulukanso chimodzichimodzi, zotuwa ngati phulusa.

Ana makumi asanu, osauzidwa ndi munthu, anayamba kunong'ona pamodzi: "Pri-dis-pouz." Ankatchula bwinobwino, ndendende ngati a Morton.

Pawindo panaima mwamuna wovala malaya ofiira a chipani, akusuzumira.

Yunike anabwerera chafutambuyo mpaka msana wake unaphimba chiganizo chija.

"Tulutsani mabuku a masamu," anatero.

Anaphunzitsa ataima pomwepo, osalemba kanthu, chinyezi cha bolodi chikulowa m'diresi lake. Belu linalira, ana anatuluka, koma mwamunayo sanasunthe. Yunikenso sanasunthe.