Diso la Kumanzere la Laimoni

Maness ankakudziwa kulira kwa mlongo wake Laimoni ngati mmene ankaidziwira njira ya kumunda. Chimayamba n'chibwano kunjenjemera pang'ono. Kenako munthuyo amayang'ana kumbali ngati wina wamuitana, msozi n'kutsika ku diso la kumanzere, umodzi wokha, la kumanja likadali gwa. Akatero amapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kulira kumeneku Maness anali atakuona kambirimbiri pa foni. Ndiye tsiku limene Laimoni ankafika ku Matandani kudzaona manda a mayi awo, iye anadzuka atamanga kale mtima: likangoyamba ntchito yake diso la kumanzere lija pamanda paja, basi, mlongo alibenso.

Laimoniyo anali wochita mafilimu ku Hollywood, ku America kwenikweniko. Musaseke ayi. Mwana yemwe Maness anamubereka kumsana akununkha mikodzo, yemwe anakula akukumba mbatata ya kachewere m'mapiri a Neno ndi mapazi ong'ambika, ndi amene azungu ankamudzoza zopakapaka kumaso n'kumuunikira ndi magetsi. Anayambira masewero a kutchalitchi, komwe mbali iliyonse yofuna munthu wolira inkapita kwa iye. Ali ndi zaka makumi awiri ananyamuka kupita ku Blantyre kukalowa gulu la zisudzo. Kuchoka apo anatsikira ku Joni, n'kupeza ganyu yonyamula zingwe za magetsi kwa anthu ojambula mafilimu. Tsiku lina wosewera wina anakanika kulira, anamuthira mankhwala m'maso koma zi, dzuwa likupita, bwana akutukwana. Laimoni anaika zingwe pansi n'kunena kuti iye angathe. Anamuseka, kenako anamuyesa. Mwayi wake unali womwewo.

Komatu musaganize kuti ku America anafikira pampando wa ndalama. Zaka khumi ndi zisanu zoyambirira ntchito yake inali kufa. Anafa ali msilikali, anafa ali dalaivala, anafa ali wothawa nkhondo, kwina anafa asanayankhule n'komwe liwu limodzi. Mayi awo, aNankhoma, akamva kuti kwatuluka filimu yatsopano ankapukuta manja pachitenje, n'kukhala pakhonde, n'kufunsa kuti, "Lero amuphanso?" Maness ankawagwirira foni pafupi ndi maso. Chizungu sankachimva, koma mwana wawo akagwa pansi ankadina lilime n'kunena kuti anthu a kumeneko alibe chisoni, munthu mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku.

Kenako aNankhoma anadwala. Amene anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira nsalu ndi kuwabereka kutsetsereka nawo kuchipatala anali Maness. Laimoni ankaimba foni, ankatumiza mankhwala, zimenezo n'zoona ndipo Maness sankazikana. Koma foni sitembenuza wodwala. Anamwalira mu Disembala, mvula ili pakati, msewu utasanduka phala. Nthawi imeneyo n'kuti Laimoni atapatsidwa mbali yaikulu yoyamba pa moyo wake wonse, yosafa, ndipo anali pakati pojambula. Ananena kuti sangathe kuchoka, ndipo ngakhale atachoka akapeza ataika kale. Anawaika iye kulibe.

Zimenezo Maness akanatha kuzimeza. Chimene chinamuima pakhosi chinabwera patatha chaka, filimu ija itatuluka. Mphunzitsi wina wa ku Ligowe anamutumizira kachidutswa kake pa foni, poganiza kuti akumusangalatsa. M'menemo Laimoni anali atagwada pambali pa bedi la nsalu zoyera, atagwira dzanja la mayi wina wachilendo, akumutcha mayi ake. Mayiyo anatseka maso. Chibwano cha Laimoni chinanjenjemera, anayang'ana kumbali, diso la kumanzere linatulutsa msozi wake umodzi uja. Maness anaonera kawiri, n'kuika foni chafufumimba pamphasa. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anamuda mlongo wakeyo tsiku limenelo.

Tsopano unali mwezi wa Julayi, kukuzizira, mitengo ya manachesi italemedwa mpaka nthambi kukhudza pansi. Laimoni anafika chakum'mawa pa njinga yamoto, fumbi lofiira litamukuta mpaka m'nsidze. Anali atanenepa pang'ono, imvi zitayamba m'mbali mwa mutu. Anagwada pakhonde bwinobwino, mwambo sanauiwale.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndili bwino, kaya inu? Mwayenda bwanji?" anayankha Maness, ngati akulonjera wogula mbatata. Chibadwire anali asanamutchulepo mwana ameneyu kuti inu, ndipo Laimoni anamva, anangoyang'ana pansi.

Malume awo, a Gerishon, mchimwene wa malemu, anali atakonza zonse. Anali atapempha kale chilolezo cholowera kumanda, ndipo amayi a m'mudzi anali atasonkhana kuseri kwa nyumba, mipango ili kumutu. Kunotu munthu amene maliro anamupeza ali kutali sangobwera n'kukhala pansi n'kuyamba kufunsa za mitengo ya feteleza. Amayamba waperekezedwa kumanda, aone pamene anagona m'bale wake. Akafika pamenepo amayamba kulira iyeyo, ndipo amayi amene aima chapatali amamulandira kulirako, kuti asalire yekha. Akatero ndiye kuti maliro wawaona, walowanso m'banja. Asanatero amakhala mlendo, ngakhale m'nyumba yomwe anabadwiramo.

"Ameneyu sativutitsa," a Gerishon anauza amayi aja akuseka. "Anzake amalira ulere, iye ndi ntchito yake."

Amayi anaseka chamumtima. Maness sanaseke.

Anayenda mondondozana, a Gerishon patsogolo ndi ndodo yawo, Laimoni pakati, Maness pambuyo pake. Amayi anatsalira m'mphepete mwa msitu wa kumanda, pomwe mitengo imayambira. Manda a aNankhoma anali chakumapeto, mulu wa dothi utaphwa kale ndi mvula ziwiri, kamtanda ka thabwa katapendekeka. Maness anali atapalambula dzulo lake. Anakaima mbali inayo ya manda, dala, kuti aione bwino nkhope ya mlongo wake.

"Mayi ako ndi awa, Laimoni," anatero a Gerishon. "Tinawagoneka pano."

Laimoni anaima, manja ali kumbuyo. Anayang'ana dothi lija nthawi yaitali. Mphepo inkagwedeza masamba, kutali kunkamveka chigayo. Ndiyeno chibwano chinayamba kunjenjemera. Mutu unatembenukira kumbali ngati wina wamuitana. Ndi zomwezo, Maness anaganiza, watibweretsera za kuntchito. Anakonza chitenje kuti azipita.

Koma Laimoni anakweza dzanja n'kugwira chibwano chake, kuchifinya ngati munthu wogwira nkhuku kuti isalire. Anatseka maso. Atawatsegula anali ouma onse awiri.

Kumsitu kuja mayi wina anali atayamba kale kukoka mpweya kuti alandire, n'kuubweza. A Gerishon anatsokomola.

"Mphwanga, anthu akudikira. Maliro n'kulirana. Yamba iwe, akulandire."

"Malume, ndapota nanu, tandisiyani pang'ono ndi achemwali."

A Gerishon anawayang'ana onse awiri, n'kupukusa mutu, n'kukaima patali pansi pa mtengo. Laimoni anakhala pansi, padothi pomwepo, thalauza lake labwinolo osalisamala.

"Mwaona chimene chimafuna kuchitika," anatero.

"Ndaona."

"Chimabwera chokha. Thupi linazolowera, likangoona anthu akudikira limayamba. Ndikanatha kulira pano mpaka amayi onsewo kugwa pansi. Koma osati pa amayi anga."

"Nanga mayi wa pa bedi loyera uja munamulirira bwanji? Sanali mayi wanu ameneyo?"

Laimoni sanadzikanire. Anatola kamtengo n'kumakanda nako pansi.

"Mukukumbukira tsiku limene ndinkachoka? Pa Ligowe paja, ndili pamwamba pa lole ya mbatata?"

"Ndinalipo."

"Amayi anabwera mochedwa, akuthamanga, atamanga manachesi m'kansalu kuti ndizidya panjira. Lole inali itayamba kale kuyenda. Anakweza dzanja kuti andipatsire, mfundo inamasuka, manachesi onse mbwee m'fumbi. Iwo anawerama kumatola. Ine ndikupita, iwo akutola. Sanadzuke mpaka tinakhota. Ndicho chinthu chomaliza chimene ndinaona tsiku limenelo, msana wa amayi." Anataya kamtengo kaja. "Tsiku lija ku Joni, atandiyesa, ndinaganiza zimenezo, misozi n'kubwera. Kuyambira pamenepo, akangoti lira, ndimapita pa Ligowe. Filimu iliyonse. Nthawi zina kakhumi pa tsiku, chifukwa amabwereza, kuwala sikunakhale bwino, wina watsokomola, yambiranso. Zaka makumi awiri ndi zisanu, achemwali. Pa bedi loyera paja ndinabwereza kasanu ndi kawiri, amayi atagona pano masiku atatu okha."

"Ndiye?"

"Ndiye chinatha. Ndikapita pa Ligowe lero ndimaona fumbi, ndimaona msana, koma sindimva kanthu. Chatsala n'chibwano ndi diso. Ndinawagulitsa amayi pang'onopang'ono mpaka anatha. N'chifukwa chake ndinachedwa kubwera. Si ntchito ayi. Ndinkaopa kudzaima pano ndilibe kanthu."

Maness anakhala chiimire. Anali atakonzekera munthu wabodza, ndipo mawu omuyankha anali nawo, anawanola kwa miyezi isanu ndi iwiri. Munthu wopanda kanthu sanamukonzekere. Mkwiyo unalipobe, sunapite kulikonse, koma pambali pake panabwera chisoni. Anayang'ana imvi za mwana amene iye anamuphunzitsa kuyenda. Anadziwa kuti akhoza kungotembenuka n'kubwerera kunyumba, amayi aja n'kubalalika osalira, nkhani n'kufika mpaka ku Lisungwi kuti wa ku America uja anaima pamanda a mayi ake maso ali gwa. Zikanamukwana. Koma panali kanthu kena kamene Maness anali nako, kamene sanaganizepo kuti n'kofunika kwa wina aliyense.

Anazungulira manda n'kukhala pansi pafupi naye, miyendo atatambasula.

"Iwe unaona msana basi," anatero. "Ine ndinaona zotsatira."

Laimoni anadzutsa mutu.

"Lole itakhota, anatola manachesi onse, asanu ndi atatu, kuwapukuta limodzilimodzi pachitenje. Ine ndinkadikira kuti alire. Anakhala pamwala uja wa pa siteji, n'kusenda limodzi, n'kuika m'kamwa. Nkhope yonse inakwinyika. Analavula. Akuti, 'Maness, Mulungu ngwabwino. Achita bwino kugwa amenewa, ngowawasa ngati mandimu. Mwana akanakanditukwana njira yonse mpaka ku Blantyre.' Anali atathyola mumtengo wa kuseri kwa khola uja, chifukwa cha changu. Ndiye anandikakamiza ine kudya otsalawo kuti asawonongeke. Asanu ndi awiri, Laimoni. Mano anga anachita dzanzi masiku awiri chifukwa cha iwe."

Laimoni anaseka. Kunali kuseka kwadzidzidzi, kotulukira m'mphuno, kosayenera kumanda. Anati, "Mtengo wa kuseri kwa khola," n'kusekanso. Anafuna kunena china, koma pakamwa panakana kutsekeka. Kusekako kunapotoka. Kunatuluka liwu lonyansa, lokoka, ngati la mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi, kenako ntchintchi, kenako liwu lija kachiwiri. Nkhope inaphwanyika yonse, mamina ndi malovu pamodzi, maso onse awiri akuchucha mosasankhana. Anagwa cham'mbali n'kuika mutu pamiyendo ya mlongo wake.

Kulira kumeneku Maness sanakuonepo pa foni. Palibe mzungu amene akanakujambula, kunali koipa zedi. Koma ankakudziwa. Anakumva komaliza mwanayu ali ndi zaka zisanu, tsiku limene anasochera kumsika wa pa boma n'kupezeka atakakamira mwendo wa mayi wina wosamudziwa.

Kumsitu kuja amayi analandira. Liwu limodzi linayamba, ena n'kutsatira, kulira kunadzaza manda onse. A Gerishon anavula chipewa.

Maness anaika dzanja pamutu wa imvi uja, akuchotsa fumbi la pa njinga ndi chala chake. Misozi yake nayenso inali itayamba, ndipo sanaibise. Anawerama kuti amve Laimoni yekha.

"Iwe Laimoni," anatero, "za manachesi owawasazi ndakupatsa ndine. Izi zokha usakagulitse."