Jekete la Inácio pa Bokosi Lozizira

Nayi ndagi, inu owerenga: mwala wopanda moto koma umaotcha dzanja, ukauika padzuwa umalira misozi mpaka kutha wonse. N'chiyani? Musakande mutu, ndi ayezi, madzi oundana aja. Lero ngakhale mwana wa kumsana akhoza kuyankha, koma m'chaka cha 1954 mukadafunsa Feira yense, kuyambira pa doko mpaka kwa Mburuma, akadangokuyang'anani pakamwa.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Josefina amake Thecla anali pa doko kupala nsomba. Mwamuna wake Inácio anali atawoloka Zambezi kukafuna ntchito ku Halale, ndipo miyezi isanu ndi iwiri inali itatha popanda kalata, popanda ngakhale moni wa pakamwa. Masiku amenewo anthu ankanong'onezana za banyama, ogwira anthu apaulendo, kuwakama magazi, nyama yawo n'kuitsekera m'zitini. Josefina akamva zimenezo ankatseka makutu, koma mtima ulibe chitseko.

Pamthunzi wa bwemba panakhala a Domingos, mkulu wake wa Inácio, munthu wa pakamwa posapuma. Anasowa zaka zitatu, n'kubwera ndi chipewa choyera ndi nkhani zodzaza ngolo.

"Alamu, inu mukuvutika ndi mchere ndi utsi," anatero. "Ife pa sitima ya ku Beira nsomba tinkaigoneka m'chipinda chozizira. Miyezi itatu panyanja, ikafika ku Lisiboa maso ali gwa ngati yavuulidwa lero. Kiyi wa chipindacho ankagona m'thumba langa lino."

"Ndiye mukadabwera nacho chipindacho, alamu," anayankha Josefina, osadzutsa mutu.

Nthawi yomweyo bwato la Pedro, wowolotsa anthu ndi katundu, linatulukira kuchokera tsidya la Kanyemba. Pedro akamayandikira doko ankaimba nthawi zonse, koma tsikulo pakamwa panali tswii. Ankapalasa atapinda miyendo, atakhala kumapeto kwenikweni, ngati mwakwera ng'ona. Pakati pa bwato panagona bokosi lalitali ngati munthu, lokulungidwa ndi masaka onyowa.

Amuna anayi analitsitsira pamchenga, aliyense n'kupukuta manja m'kabudula. Pansi pake panayamba kudontha madzi ofiirira. Pamwamba panamangidwa jekete.

Mpeni unagwa m'manja mwa Josefina. Chigamba cha pachigongono anasoka ndi iye mwini, ndi ulusi wobiriwira, chifukwa wakuda unali utatha.

Kwathu kuno, munthu akafera kutali, anzake amatumiza chovala chake kwa mkazi. Kalata ingachedwe, koma chovala sichinama. Amayi onse a pa doko ankadziwa zimenezo, ndipo anayamba kuvula mipango kumutu mmodzimmodzi.

"Pedro, wakupatsa ndani?" Mawu a Josefina anatuluka ngati a mwana.

"Dalaivala wa lole ya ku Halale, amake Thecla. Wangoti bokosi kwa mzungu wa pa Boma, jekete kwa mkazi wa Inácio, fulumira lisanaonongeke. Basi, waliza lole. Ine ndinaligunda ndi phazi pakati pa mtsinje, phazi langa linafa mpaka pano." Analoza pabondo.

Josefina anagwada, naika chikhatho pathabwa. Iye anasambitsapo mtembo wa amake, kuzizira kwa imfa ankakudziwa. Koma uku kunali kwina. Kunaluma, kunakwera m'mkono mpaka m'mano, pamene mchenga unali kumuotcha mawondo.

"Alamu, bwerani. Inu mwayenda. N'chiyani ichi?"

A Domingos sanayandikire. Anaimirira kuseri kwa amayi, chipewa chili pachifuwa. "Mabokosi awa ndimawadziwa," anatero. "Ndi mmene amanyamulira anthu pa sitima. Ntchito ya banyama iyi. Musatsegule, mpweya wake ukakugwirani nanunso mumauma."

Mayi wina anayamba kulira maliro, ena n'kulandira. Josefina sanalire. Anadziuza kuti salira asanaone nkhope. Anatola mpeni wake uja n'kuyamba kudula zingwe.

"Iwe mai! Leka! Katundu wa bwana ameneyo!" Anali a Langford, khukhi wa mzungu wa pa Boma, akutsetsereka ndi wilibala, thukuta lili kamukamu.

Josefina anagona pabokosi chafufumimba. "Mwamuna wanga simukamphikira mzungu. Mundiphe kaye."

"Mwamuna wako? M'menemu?" A Langford anayang'ana amayi olira, anayang'ana dzuwa, n'kuona kuti kukangana kuwathera nthawi. Anatenga chitsulo m'wilibala, nakanula chivundikiro. Misomali inalira, anthu n'kubwerera m'mbuyo mpaka ena kuponda m'madzi.

M'kati munali utuchi wa mlombwa wonyowa, wofiira. Pakati pa utuchi panali miyala yoonekera ngati galasi, ikutuluka nthunzi. Pansi pa miyala panagona chinthu chokulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo nthiti zinkaonekera bwinobwino.

Josefina anakoka nsalu. Mnofu wotuwa, wolimba ngati mtengo, pantchafu padindidwa chidindo chofiirira. Anafufuza kumtunda kuti aone nkhope. Mutu panalibe.

Apo ndiye dziko linazungulira. Anamva amayi akukuwa kutali, ngati ali tsidya la Zumbo.

"Werenga miyendo, mai!" anakalipa a Langford, akumugwedeza phewa. "Werenga! Mwamuna wako ali ndi ingati?"

Josefina anawerenga ndi chala. Umodzi, iwiri, itatu, inayi. Kumapeto kunali kamchira.

"Nkhosa iyi. Pansi pake pali inzake. Zinaphedwa miyezi itatu yapitayo ku Nyuzilandi, kuseri kwa nyanja. Zabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, pa njanji mpaka ku Halale, ndiye lole, ndiye bwato ili. Bwana ali ndi alendo mawa, akuti mbuzi zathu zamukwana. Miyalayi ndi ayezi, ndi imene imaletsa nyama kuwola. Madzi ofiirawo ndi utuchi chabe."

"Nanga jekete?" Mantha anali asanamusiye Josefina. "Jekete lafika bwanji ngati mwini wake ali moyo?"

A Langford analimasula, napisa m'thumba la m'kati, natulutsa pepala lonyowa m'mbali. Pa doko ponse wodziwa kuwerenga anali iwo okha.

"Akuti, Amake Thecla, ndili bwino. Ndinapeza ntchito m'nyumba yozizira mmene amasungira nyama yochokera ku sitima. Bokosi ili ndalongedza ndine, nditaona kuti likupita kwathu. Kuno atipatsa chikhoti chachikulu ndi majombo, ndiye jeketeli mumudulire Thecla ka malaya. Zala zanga zinang'ambika ndi kuzizira, n'chifukwa chake sindinalembetse msanga. Ndibwera pa Khirisimasi."

Josefina anakhala pansi, miyendo tambalale. Misozi imene anaikaniza ija inatuluka yonse pamodzi.

"Chitsiru cha mwamuna! Zala zinang'ambika, nanga pakamwa? Kutumiza jekete! Abwere, adzalidya jekete lomweli!"

Amayi anamanganso mipango, akuseka uku akupukuta m'maso. Ndipo a Domingos anatulukira kutsogolo, chipewa chabwerera kumutu.

"Ine ndinadziwa kalekale kuti ndi nkhosa. Ndimafuna ndione ngati alamu anga amamukondadi mng'ono wanga." Anatola kamwala ka ayezi, nkhope inakwinyika, koma anapirira. Anakaponya m'thumba la buluku lawo la khaki. "Aka ndikasunga m'sutukesi. Inácio akabwera tidzaziziritsire mowa. Pa sitima ndinali nayo miyala yotere khumi, yangayanga, zaka zitatu."

A Langford anangotsinzinira Pedro, napitiriza kukweza bokosi pa wilibala.

A Domingos anaima padzuwa, nayamba kufotokoza za mafunde aatali ngati phiri. Ankasinthasintha miyendo, koma nkhani sinaduke. Pabuluku panaoneka kadontho. Kanakula, kanatsika ntchafu, kanafika pabondo, madzi n'kuyamba kugwera pachala chachikulu.

"Alamu," anatero Josefina mwaulemu wonse, "mafunde aja akufikani."

A Domingos anayang'ana pansi. Anapisa m'thumba, natulutsa thumbalo kunja, nalikung'untha. Anatembenukira anthu, maso ali psuu.

"Ndani wandibera mwala wanga?"

Pedro anagwa chagada m'bwato. A Langford anagwetsa wilibala. Amayi anagwirana m'mapewa, ena kukwawa pamchenga, ndipo a Domingos anakwera mtunda chipewa ataphimba nacho kutsogolo, chiseko chikuwatsata mpaka pa sitolo.