Thukuta la a Reijo

A Reijo anazindikira Loweruka lina kuti thukuta lawo lasowa. Anali pabenchi yapamwamba m'sauna, kanyumba kawo kosambiramo nthunzi kuseri kwa nyumba, atathira madzi pamiyala ya mbaula mpaka nthunzi kuluma makutu. Anadzisisita pachifuwa, napeza pali gwaa, pouma ngati thabwa.

"Pasi," anaitana mwana wawo, "sauna iyi ikutentha kapena ikungonamizira?"

"Ikutentha, bambo. Tsikani mukhale kuno."

"Pabenchi ya ana? Mmodzi wakwana. Iwe unatsikira pamenepo ngati nkhalamba, ine ndikutsatirenso?"

Pasi anali bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zoyamba imvi, koma panali patapita zaka akukhala pabenchi yapansi pafupi ndi chitseko, ndipo a Reijo sankatopa kumuseka. Ngakhale zinali choncho, Loweruka lililonse ankabwera kuchokera m'tauni. M'nyumba awiriwa ankalankhulana ngati anthu okumana pasiteshoni: wadya, galimoto ili bwanji, basi. Koma akavula n'kulowa m'kanyumba kotenthako, nkhani zinkatuluka zokha. Kuchotsa sauna, a Reijo akanatsala ndi mwana wa dzina lokha, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Moyo wawo wonse anali wokonza makina kufakitale yocheka matabwa, ndiye chinthu chikasiya kugwira ntchito sankagona osadziwa chifukwa. Anayamba ndi nkhuni, kuzinunkhiza ngati n'zaziwisi. Anasintha miyala ya mbaula. Anatsitsa kachipangizo koyezera kutentha n'kukaviika m'madzi owira, koma kankaloza bwinobwino. Akazi awo a Sirkka ankawaonera pawindo akupukusa mutu.

"Mwafufuza zonse kupatula mwini thukuta," anatero a Sirkka. "Pakamwa pouma paja mwaiwala? Buledi mukumeza ndi khofi makapu awiri. Ndipo m'mawa mumadzuka ngati chimbalangondo chosokonezedwa tulo."

"Ukalamba umenewo."

"Ukalamba unayamba tsiku lomwe munayamba mapiritsi aja?"

Nkhani ya mapiritsi a Reijo sankaikonda. Mashingozi anawagwira chaka chatha, zilonda n'kupola, koma moto unatsalira m'nthiti. Malaya enieniwa akakhudza khungu ankalumpha. Dokotala anawalembera amitriptilini, kapiritsi kamodzi pogona, ndipo m'milungu yochepa motowo unazirala moti ankavalanso juzi yaubweya osatukwana. Chomwe chinawapweteka n'kumva kuti mankhwalawo anapangidwira matenda ovutika maganizo. Anadandaula patebulo, Pasi ali pomwepo.

"Ine ndikumva nthiti, iwo akundipatsa mankhwala a anthu olira popanda maliro!"

Tsiku limenelo Pasi anangotakasa khofi wake nthawi yaitali, shuga atasungunuka kalekale.

Loweruka lotsatira a Reijo anaganiza zoyesa komaliza. Ngati thukuta labisala, alitulutsa ndi moto. Anakoleza mbaula mpaka chitsulo kufiira, namwa botolo la mowa, nakwera pamwamba. Anathira madzi pamiyala, chikho choyamba, chachiwiri, chachitatu.

"Bambo, zakwana."

"Ukapsa tuluka."

Khungu linatentha, mtima unathamanga, koma dontho ngakhale limodzi ayi. Ataimirira kuti atenge ndowa, makoma anapendekeka ndipo m'maso munada bii. Anatsitsimuka ali chigonere pakhonde, chipale chofewa chili pamphumi, Pasi atawanyamulira miyendo m'mwamba.

"Lolemba mupite kusitolo ya mankhwala," anatero Pasi ndi mawu omwe bambo ake anali asanawamvepo. "Mukawauze dzina la mapiritsi anu, mukawauzenso za sauna. Mukapanda kupita, ine sindibweranso."

A Reijo anapita, mantha pang'ono, chidwi chambiri. Mayi wogulitsa mankhwala anamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Si mbaula yanu," anatero. "Mankhwalawa amatontholetsa mitsempha yomwe ikukuwa ululu, n'chifukwa chake amawapereka pang'ono kwa anthu ngati inu. Koma amatsekako mipopi ina. Malovu amachepa, kwa ena thukuta nalonso. Popanda thukuta thupi lizizira bwanji? Ndiye mukaimirira msanga magazi amachedwa kufika kumutu. Kuwonjezerapo mowa, mwadziitanira pansi."

A Reijo anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene wapeza waya woduka. "Ndiye ndingosiya kumwa Lachisanu ndi Loweruka?"

"Musayerekeze. Awa sasiyidwa mwadzidzidzi kapena modumphadumpha. Muonane ndi adokotala mlungu uno, muwauze kuti munakomoka, akuyezeni mtima, aone ngati n'koyenera kusintha. Akakulolani sauna, ikhale yofunda chabe, kwa kanthawi, madzi akumwa pafupi, mowa ayi, ndipo musalowe nokha. Mukhale pabenchi yapansi."

Dokotala ananena zomwezo. A Reijo anabwerera kunyumba akuwerengera m'mutu: kusiya mapiritsi, moto wa m'nthiti ubwerera, kukakamira pamwamba, Pasi sabweranso. Chotsala chinali kabenchi kaja komwe anakhala akukanyoza zaka zonsezi. Manyazi anawagwira ndithu. Koma panali kena komwe kankawakanda kuposa manyaziwo, waya wina wosalumikizika. Iwo, katswiri wa makina, anathera milungu akununkhiza nkhuni. Nanga Pasi, woyendetsa basi, anadziwa bwanji kuti vuto lili m'mapiritsi?

Loweruka anakoleza moto wochepa. Anavula, nayang'ana benchi yapamwamba kamodzi, kenako anakhala pansi pafupi ndi mwana wawo, mapewa kugundana. Pansipo panali pofunda bwino, mpweya wa pachitseko ukusisita mapazi. Sananene kuti n'pabwino, koma anaona.

"Uziseka tsopano," anatero.

"Sindikuseka."

"Ndiye tandiuza. Unadziwa bwanji?"



"Nanenso ndinagwapo, bambo. Kusauna ya kuntchito, pamaso pa anzanga. Ndimamwa mapiritsi a mtundu womwewo. Oyamba sanandiyanje, anandisinthira amenewa." Anameza malovu movutikira, ndipo a Reijo anakuzindikira kumeza kumeneko, chifukwa kunali kwawo komwe. "Koma ine nthiti zanga zilibe vuto. Anga ndi a olira popanda maliro aja."

Miyala inkathetheka. A Reijo anakumbukira khofi uja wotakasidwa mpaka kuzizira. Anakumbukira Loweruka lililonse lomwe ankakuwira pansi kuti benchi ya ana, mwana wawo n'kungoweramitsa mutu, mlungu wotsatira n'kubweranso. Chisoni chinawagwira, chowawa kuposa mashingozi.

Anatenga chikho chothirira madzi, chomwe chiyambire sanapatsepo munthu m'sauna imeneyi, nachiika m'manja mwa Pasi.

"Thira ndiwe. Pang'ono pokha." Anakhosomola. "Ndipo undiuze chiyambi chake. Zinayamba liti, zimamveka bwanji. Usadumphe."

Pasi anathira. Nthunzi inakwera kudutsa pamwamba pa mitu yawo, kupita kubenchi yopanda munthu. Anayamba kufotokoza, mawu amodziamodzi, ndipo bambo ake sanamudule. Patapita kanthawi a Reijo anadzipukuta m'maso, dzanja n'kubwerako lonyowa.

Pasi anaona, nayang'ana kumbali.

"Labwerera thukuta lanu, bambo."

"Labwerera," anatero a Reijo. "Pitiriza."