Tepi Yachikasu

Makina osokera a Telala ankakhala pazenera, ndipo akamasoka ankaona bwalo lonse la nyumba zawo zosanjikizana: geti, zingwe zoyanikira zovala, ndi magalimoto atandanda m'mbali mwa mpanda. Malo amodzi okha ndi amene maso ake sankafikako, kuseri kwa thanki yamadzi. Kumeneko n'kumene Nesi wa m'nyumba yapamwamba ankaimika kagalimoto kake kobiriwira.

Akuba anavutitsapo kwambiri pabwalopo. Ankathyola magalasi a m'mbali, kuzula mawaipa, kudula mawaya ngati akumweta udzu. Galasi la Nesi litathyoledwa, mwamuna wa Telala, amene anali makaniki, anapita kukaikapo lina pamodzi ndi mkulu wake. Kenako eni nyumba anaika geti yachitsulo, n'kulemba mlonda, ndipo kuba kunatha. Kunatha kwa aliyense kupatula kagalimoto kobiriwirako.

Sabata ino waipa, sabata inayo nyali ya indiketa, kenako huta. Nesi ankagwira ntchito usiku, masana n'kumagona, galimoto ili yokha kuseri kwa thanki. Loweruka likafika ankatsika masitepe akununkhira sopo, n'kugogoda.

"Odi kuno! Amakaniki alipo? Andiberanso ine."

Mwamunayo ankadzambatuka tiyi asanamalize. Chinthu chobedwacho sichinkavuta kupeza. "Achimwene apeza chakale ku galaja, chofanana ndendende," ankatero. Koma chimene chinkamudya Telala mumtima chinali china: asanatuluke, mwamuna wake ankayamba wasamba m'manja, ndi sopo, mpaka m'zikhadabo. Ndi makaniki uti amene amasamba m'manja asanagwire galimoto?

Kale sizinali choncho. Ali pa chibwenzi, iye ndi amene ankagwada pambali pa galimoto atagwira tochi, mnyamatayo ali chagada pansi pake. N'chifukwa chake anam'patsa dzina loti Katochi. Masiku amenewo Telala anaphunzira kagwiridwe kake ka ntchito. Akamasula chinthu, mabauti ankawabwezera m'mabowo mwake kuti asatayike, ndipo waya aliyense wosiyidwa ankamukulunga ndi tepi yachikasu. "Bauti sagona pansi, waya sagona wamaliseche," ankatero akumwetulira. Tsopano dzina la Katochi linali litachita dzimbiri. Ankangomuitana kuti "mayi".

Lachisanu lina masana Telala ananyamula beseni ngati akupita kukatunga madzi, n'kuzungulira kuseri kwa thanki. Nyali yakumbuyo ya kagalimotoko kunalibe. Anawerama kuti aonetsetse, ndipo beseni linamupulumuka m'manja. Timabauti tonse tinali titabwezeredwa m'mabowo mwake. Mawaya sanadulidwe ayi. Anali atakulungidwa bwinobwino, aliyense payekha, ndi tepi yachikasu.

Anaimirira n'kutola beseni lija. Galaja inali pafupi, ndipo mlonda sakanafunsa munthu wovala ovolosi amene amamuona tsiku lililonse. Ndiye kuti mwamuna wake ankabwera masana mozemba kudzaba, kuti Loweruka apeze chifukwa chokaima pafupi ndi mkazi wonunkhira sopo uja.

Madzulo, akudya, Telala anayamba modekha.

"Akuba a masiku ano ndi aulemu, eti?"

"Bwanji, mayi?"

"Amaba ngati akusamalira mwana. Sathyola kanthu."

Mwamunayo anatsamwa, n'kumwa madzi ambiri kuposa amene anafunika. "Akuba amasiyana," anatero, maso ali m'mbale.

"Ndiponso amadziwa kusankha. Galimoto zonsezi, iwo akufuna yobiriwira basi."

"Mchere uli kuti?"

Mchere unali patsogolo pake penipeni.

M'mawa mwake Nesi anagogoda monga mwa masiku onse, ndipo sopo anagwira ntchito yake. Telala anakhala pa makina, koma makutu ake anali kuseri kwa thanki. Kunkamveka kulira kwa sipanala, kenako mawu a mwamuna wake, kenako kuseka kwa Nesi, kuseka kotalika kothera m'mwamba. Bola akanamawaona! Popeza sankawaona, mtima wake unkajambula wokha: mapewa akugundana, dzanja loyera likupereka bauti, maso akukumana pagalasi. Atayang'ana pa makina anapeza kuti wasoka mkono wa diresi la kasitomala n'kuutseka kukamwa.

Anatsimikiza zomugwira yekha, ndi maso ake, kuti asadzakane.

Sabata yotsatira anachapa nsalu zonse zoyala pabedi, zoyera ndi zakuda zomwe, n'kuziyanika pa chingwe choyandikana ndi thanki. Dzuwa likafika pamutu, bwalo lili zii, ankalowa pakati pa nsaluzo n'kuima phee, akusuzumira pa kampata. Tsiku loyamba kunangodutsa mphaka. Tsiku lina anachedwa mpaka chakudya chinapserera, ndipo mlamu wake anachipeza chikununkha utsi. Mlamuyo, mkulu wa mwamuna wake, anali wokonza zamagetsi pa galaja yomweyo. Masana aliwonse ankabwera kudzadya ndi kutengera mng'ono wake chakudya. Anali mbeta yamwamuna, wamtali, wa magalasi a maso othyoka mwendo umodzi, ndipo mawu ake anali osowa moti pabwalopo ankamutchula kuti a Phee. Anadya zopsererazo osadandaula, n'kunena kuti zikomo.

Lachinayi geti inalira msanga kuposa nthawi yachakudya. Telala, ali pakati pa nsalu zonyowa, anamva mapazi akubwera monyang'ama. Pa kampata paja anaona ovolosi yabuluu ya ku galaja, munthu atafulatira, atagwada kutsogolo kwa kagalimoto kobiriwira. Manja ankayenda mwachangu ndi mwaulemu. Bauti inatuluka, nyali inatuluka, bauti inabwerera m'bowo mwake. Kenako kunamveka kaphokoso kamene Telala ankakadziwa ngati kugunda kwa mtima wake, tepi ikumatuka pa mpukutu.

Misozi inamutentha m'maso. Anakankha nsalu n'kutulukira.

"Mwaswera bwanji, akuba?"

Munthuyo anadzidzimuka, mutu n'kugunda bampala. Magalasi a maso anagwera pafumbi, pamapazi a Telala penipeni. Mwendo wake wothyoka uja unali womangidwa ndi tepi yachikasu. Tepiyo Telala ankaiona masana aliwonse patebulo pake, koma sanaiganizirepo.

"Alamu!"

"Mlamu, chonde, musakuwe." A Phee ankapapasa pansi ndi dzanja limodzi, lina litafumbata nyali pachifuwa ngati mwanapiye.

"Inuyo? Ndi tepi ya amuna anga?"

"Tepi ndi yanga. Dzanja ndi la malemu bambo athu, anatiphunzitsa tonse awiri. Bauti sagona pansi..."

"Ndikudziwa pamene bauti sagona! Mukuberanji mkazi wosalakwa?"

A Phee anavala magalasi mokhota. Thukuta linali kamukamu pamphumi. "Sindigulitsa ayi. Ndimakazipukuta, n'kuzisunga bwino. Ndimati ndikachotsa, iwo akadandaula, ndibwere ndidzabwezeretse. Ndiye tilankhulane pang'ono. Chiyambire tsiku la galasi lija, mlamu, tulo sindikutipeza."

"Nanga bwanji simubwera?"

"Ndimabwera. Loweruka ndimafika pa geti." Anawongola magalasi aja. "Miyendo imakana. Ndiye ndimapatsa mng'ono wanga kuti akaike."

"Iwowo akudziwa?"

"Anadziwa tsiku loyamba, atangoona tepi. Anandikalipira kwambiri. Ine ndinamugwira mwendo kuti asauze munthu, ngakhale inu. Sabata iliyonse ndimalonjeza kuti ino ndipita ndekha."

Telala anakhala pansi, pa fumbi pomwepo, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi ija inapeza njira, ndipo a Phee sanadziwe ngati apepese kapena athawe.

"Ndibwezeretse?" anafunsa, akuloza nyali.

"Ayi. Pitani nayo mukaipukute. Loweruka mubwera nokha, mutavala malaya osita. Miyendo ikakana, ine ndikwera masitepe awa kukanena zonse, ndipo ndiyambira kwa mlonda." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni tepiyo."

Mtima wake ukanayenera kupepuka, koma madzulo, mwamuna wake akuvula nsapato pakhomo, anapeza kuti munga unali udakalimo.

"Wakuba uja ndamugwira," anatero.

Mwamunayo anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Kenako anapuma mozama. "Ndinalonjeza achimwene, mayi. Munthu wamkulu, akundilirira ngati mwana. Ndikanatani?"

"Za chinsinsi ndamva. Ine ndikufunsa za sopo."

"Sopo?"

"Mumasamba m'manja mpaka m'zikhadabo. Mumasiya tiyi. Kuika waipa ndi ntchito ya kanthawi, inu mumatha m'mawa wonse. Zimenezonso anakupemphani achimwene anu?"

Mwamunayo anaika nsapato pansi pang'onopang'ono. Telala ankafuna kuti akane, akalipe, alumbire. Koma iye anangoti, "Amaseka nthabwala zanga. Inu munasiya kalekale."

"Inu munasiya kundiitana kuti ndidzagwire tochi."

Anadya mbale zikulankhula zokha.

Loweruka, kugogoda kutamveka, Telala ndi amene anatsegula chitseko. Nesi anali ataima pamenepo, akununkhira sopo wake uja.

"Odi, Atelala. Amakaniki alipo? Andiberanso ine."

"Alipo, koma lero akupuma. Kukubwera akatswiri a zamagetsi."

Nesi anatembenukira ku geti. A Phee anali ataima pamenepo, malaya osita, nyali m'manja, ngati munthu amene akudikira kuweruzidwa. Nesi anagwira pakamwa, n'kuyandikira khutu la Telala.

"Abwera okha? Mayo ine, ndinatsala pang'ono kutaya mtima."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Amwali, zenera langa lili pamwamba pa thanki. Mukuganiza kuti ndimagona masana onse? Ndimawaona akupukuta ndi mpango pamene agwira. Loweruka lililonse ndimagogoda pano ndikuti mwina lero atuluka ndi iwowo, koma ayi, kumatuluka ang'ono awo ndi nthabwala zawo zija." Anatsitsanso mawu, koma osati mokwanira. "Musawauze, koma ina ya batire ija andiuza kangapo."

Telala anacheuka. Mwamuna wake anali pampando, kapu ili m'mwamba, makutu atamva zonse. Nkhope yake inagwa ngati tayala lophulika.

Nesi sanadikire kuti miyendo ya a Phee igwirizane ndi mtima wawo. Anapita yekha ku geti, n'kuwatenga pamkono wa malaya, ndipo awiriwo anazimiririka kuseri kwa thanki. Kenako sipanala inagwa pansi, ndipo kunamveka kuseka kwa Nesi, kwapansipansi, kosiyana ndi kuja kothera m'mwamba.

Telala sankayang'ana kunja. Ankayang'ana mwamuna wake. Anamuona akutchera khutu ku thanki, anaona kanthu kakang'ono kakudutsa pankhope pake, ndipo munga uja unamubaya kachiwiri. Kaya kanali manyazi, kaya kanali kusirira, iye sakanadziwa, ndipo anazindikira kuti mwina sadzadziwa. Anakhala pa makina, n'kuponda chopondera. Chinangogwa pansi, gwede, singano osasuntha.

"Makina anga afa," anatero.

"Dzulo amayenda bwinobwino."

"Lero afa. Kapena mufuna ndikagogode kwa makaniki wina?"

Mwamunayo anadzuka mwaulesi, n'kugwada pansi pa tebulo la makina. Telala anamva mpweya wake ukuima. Kachitsulo kolumikiza chopondera ndi gudumu kunalibe. Mabauti ake anali atabwezeredwa m'mabowo mwake, imodzi mokhota pang'ono, ndipo pamene panachoka kachitsuloko panali pokulungidwa ndi tepi yachikasu, yambirimbiri, ngakhale panalibe waya ndi mmodzi yemwe.

Kenako mapewa a mwamunayo anayamba kugwedezeka.

"Akuba alowa mpaka m'nyumba," anatero.

"Ndinakuuzani kuti ndi aulemu."

"Koma sadziwa ntchito. Tepi yonseyi, akumanga bala?"

Telala analuma mlomo, koma kuseka kunamupulumuka m'mphuno.

"Kachitsuloko kapezeka kuti?" anafunsa mwamunayo.

"Mwina kapezeka. Zitengera kuti makaniki akhala nthawi yaitali bwanji."

Mwamunayo anagona chagada pa simenti, n'kulowetsa mutu pansi pa makina. M'manja sanasambe. Anatulutsa dzanja limodzi, akugwedeza zala.

"Kuno kuli mdima. Katochi, tandiunikira."

Tochi inali kale m'thumba la epuloni ya Telala, pamodzi ndi kachitsulo kaja. Telala anagwada pambali pake n'kuiyatsa. Kachitsuloko anakasiya momwemo.