Mbozi za a Nyendwa

A Vitalis Njobvu anali kufufuta bolodi pamene njinga inagwa pakhomo la kalasi. Mwini njingayo analowa osagogoda, chigubu chopopera mankhwala chili kumsana, thukuta kamukamu.

"Ndimwe aticha a zachipembedzo? Ine ndine Nyendwa, atate ake a Febby. Mwana wanga mwamudyetsa chani?"

Kwa zaka khumi ndi ziwiri a Njobvu anaphunzitsa zipembedzo za dziko lapansi pasekondale ina ya kwa Kalindawalo, ndipo ana ankaitenga nthawi yawo ngati yopumira. Sabata zitatu zapitazo anawafotokozera za Ajaini a ku India, anthu osapha ngakhale nyerere, amene ena mwa iwo amasesa njira asanaponde. Kalasi yonse inkawodzera. Febby yekha ndiye ankalemba.

"Akana kupopela thonje," anatero a Nyendwa. "Akuti mbozi nazo zili na moyo. Mailo, dzulo lomweli, nagwila nkhuku, wandifunsa ngati ivomela! Pofika Chiwelu akapanda kunyamula chigubu ichi, sukulu yatha. Sinitumiza mwana kuti akaphunzile chibale na mbozi."

A Njobvu anayesa kuonetsa nkhope yachisoni, koma mumtima munali nthungululu. Zaka zonsezi, lero wapezeka mwana womva! Komabe Febby anali m'giredi 11, ndipo mitu ngati wake inali yosowa. Kumuuza kuti phunziro lija linali la mayeso chabe kunali kudzitukwana okha. Kungokhala chete kunali kumuchotsetsa sukulu.

Loweruka m'mawa anapalasa njinga kupita kumundako. Anali okwiya kale, chifukwa matimati a kudimba kwawo anali atabooka onse ngakhale ankawapopera kawiri pasabata.

Anamupeza Febby atawerama m'mizere, chitini cha mafuta ophikira chili m'manja, akutola mbozi imodziimodzi ngati akutola mikanda. Bambo ake anali chilili pachulu, manja m'chiuno.

"Febby, mwana wanga," anayamba a Njobvu, "kuphunzila za chipembedzo cha ena sikulowa m'chipembedzocho. Tiphunzila kuti tiwamvetse."

"Sininalowe, aticha. Kutchalitchi niyenda. Koma munatifunsa kuti, kanthu kakachepa, kuwawa kwake nako kuchepa? Simunayankhe. Belu inalila."

A Njobvu anakanda m'mutu. Funsolo anali atalifunsa pofuna kudzutsa ogona.

Anayang'ana thonje lija. Mizere imene mwanayo anadutsamo inali yobiriwira, yopanda bowo ngakhale limodzi. A Nyendwa nawo anatsika pachulu, natembenuza masamba, nang'ung'udza.

"Nanga mbozi ukatola uzipeleka kuti?" anafunsa bambowo. "Usaniuze kuti kwa aneba, anganimange."

"Iyayi, atate, kumeneko angaziphe. Nizipeleka kwa munthu womvetsa." Anacheukira mphunzitsi wake mwaulemu wonse. "Kudimba kwanu, aticha. Popita kusukulu nikhuthula pampanda."

A Nyendwa anakhala pansi, chigubu chikulira kumsana, naseka mpaka misozi.

"Zingati zitini?" anafunsa a Njobvu ndi mawu ang'ono.

"Ichi n'cha seventini."

"Aticha," anatero a Nyendwa akupukuta m'maso, "mwana uyu musiyeni aphunzile. Sukulu yabwino iyi! Iye azitola, imwe muzilandila. Mukakana alendo, chigubu nichi."

Febby anawayang'anitsitsa aphunzitsi ake, chitini chili chotambasula. A Njobvu anaganiza za matimati awo, naganizanso za bolodi limene analankhula nalo lokha zaka khumi ndi ziwiri. Analandira ndi manja awiri.

"Koma kuyambila lelo uzinipatsa m'manja. Malo ogona nizisankha nekha."

Anachimangirira pakaliyala, napalasa pang'onopang'ono kuti alendo asakhuthuke. Atafika kunyumba anaima nthawi yaitali pakati pa dimba ndi khola la nkhuku. Anayang'ana kumsewu, kumanzere ndi kumanja. Kenaka anachiika chitinicho pansi pabwalo, osachikhuthula, osachivundikira, nalowa m'nyumba kukakonza yankho la funso lija, loti akapereke Lolemba.

Kunjako nkhuku, zimene sizinalowepo m'kalasi mwawo, zinayamba kusendera.